Anavala Sindinadye Ndani?

Lolemba

Sabata yonseyi ndili pakhomo, kumgodi ndibwerera Lolemba linalo. Nthawi ilipo, cholembera chilipo. Ntchito yake: kabuku ka mbiri ya timu yathu ya besibolo, mphatso ya a Mbewe. Lamulungu akukwera ndege kukakhazikika kwawo ku Dowa. Mtima ukundiwawa, sindibisa. Ndi iwowa anandilandira kuno ku Perth ndili ndi chikwama chimodzi, Loweruka lake n'kundigwiritsa chibonga, ati m'dziko la eni munthu sakhala m'nyumba yekha.

Lamulo: a Mbewe asadziwe kanthu!

Kavuto kakang'ono. M'buku la zigoli mulibe dzina la munthu ngakhale limodzi. Majezi tinasindikiza kamodzi kokha ku Malaga, konkuno ku Perth, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, pamsana maina ocheza a amene analipo nthawiyo. Eni ake anasamuka kalekale. Ife a kumigodi timasinthana, masabata awiri kuchipululu, imodzi kuno, ulendo wake wa pandege. Amene alipo Loweruka amavala yomwe yamukwana, wolemba zigoli amangokopera za pamsana.

Osewera athu otchuka:

Sindinadye. Ankanena mawu amenewa akangophonya mpira.
Pepani. Akaumenya, ankapepesa woponya.
Ndege Yachedwa. Wophunzira wa ku Bentley, kumgodi sanapondeko, koma chifukwa chochedwera chinali chomwechi.
Kabichi. Ankabwera naye wa m'dimba lake, kugawira ndi otsutsana nafe omwe.
Osandijambula. Kunyumba ankati ali ku laibulale.
Alamu Ake. Anabwera ndi wina, palibe anamufunsa dzina mpaka anachoka.
Bondo Langa.
Dokotala wa Miyala.
Ndangoperekeza. Anasewera zaka zisanu ndi chimodzi.

Pansi pa lililonse ndilemba maina enieni ndi zimene aliyense anachita. Tsamba loyamba, zochita za a Mbewe, adzukulu awo akawerenge ku Dowa. Lachitatu ndikhala nditamaliza.

Lachiwiri

Ndikuyamba ndi nkhani yaikulu. Chiyambire tinapambana kamodzi kokha. Tsikulo Sindinadye anamenya mpira, unadutsa mpanda, unagwera m'lole ya mchenga, ndipo unapita nayo. Ine ndinali kumgodi, ndinangomva pafoni anthu akukuwa.

Ndatsegula gulu latsopano pafoni, lopanda a Mbewe. Funso limodzi lokha: anavala Sindinadye tsiku lija ndani?

A Chirwa, injiniya, dikoni wa mpingo: “Ndine. Mpaka lero phewa limandiuza.”

Mulenga, mnzathu wa ku Zambia: “Mudala, nenze ine! Funsani aliyense.”

Ndafunsa aliyense. Pofika madzulo a Sindinadye akwana asanu, mmodzi akuyankhira ku Canada. Abale inu! Jezi imodzi, mikono iwiri yokha!

Mai a Tadala ndawawerengera mayankho akusita, aseka mpaka kuzimitsa simbi. Akazi anga amenewa ntchito ya mbiri saitenga ndi ulemu.

Lachitatu

Lero ndi za umboni. Zithunzi zonse zili pagome.

Zimene ndapeza:

Theka tinajambulidwa chakumbuyo. Maina akuoneka bwino kwabasi, nkhope ayi.
Theka linalo tili m'zipewa, dzuwa kumaso, mano okha.
Kabichi chaka china ndi wamfupi wamimba, chaka chotsatira watalika ngati mlongoti.
Pepani amamenya ndi dzanja lamanja kapena lamanzere, kutengera mwezi.
Wothamanga kwambiri m'mbiri ya timu ndi Bondo Langa.

Buku likuti Ndege Yachedwa sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Ndiye wosewera wathu wosunga nthawi.

Mai a Tadala: “Bwanji osangowafunsa a Mbewewo?” Ndawafotokozera bwinobwino tanthauzo la chinsinsi. Angoti, “Chabwino, alembi.”

Sindinamalize. Lachinayi nalonso ndi tsiku.

Lachinayi

Tsamba la a Mbewe lidakali loyera mbee, ndipo ndi limene likundisowetsa mtendere. Ndafunsa pagulu kuti ndani akukumbukira chachikulu chimene anachita pabwalo.

“Ankachapa majezi.”

“Majezi, mudala.”

“Ankasitanso.”

Zoona ndithu. Loweruka lililonse amatolera onse m'chikwama chabuluu, sabata yotsatira amabwera nawo onunkhira sopo. Kusewera amasewera anthu akachepa, koma palibe akukumbukira atagunda mpira. Ndiye ndilembe kuti mdala wolemekezeka anakhala zaka khumi ndi chimodzi ku Australia akuchapa thukuta la Kabichi? Adzukulu akawerenge zimenezo? Ayi, ndakana.

Nzeru yabwera: bwanji mpira wa m'lole uja tingowapatsa a Mbewe? Ndalemba pagulu. Mayo ine! A Chirwa ndi Mulenga, amene akhala akutukwanana masiku awiri, agwirizana nthawi yomweyo kuti bodza ndi tchimo. A Chirwa atuluka m'gulu. Abwereranso kudzanena kuti atuluka.

Masana ndapita kukathandiza a Mbewe kulongedza. Nyumba yangotsala makatoni. Iwo ndawapeza akusoka batani la Alamu Ake, magalasi ali pamphuno. Funso linafika pakamwa, ndalimeza. Ndanyamula firiji m'malo mwake, msana ukundiuza tsopano.

Lachisanu

Wosindikiza ku Malaga akufuna mapepala isanakwane thwelofu.

Zimene ndili nazo: maina ocheza asanu ndi anayi, a Sindinadye asanu ndi awiri (awiri awonjezeka m'mawa uno), dikoni mmodzi wokwiya, tsamba limodzi loyera.

Kabuku ka masamba makumi awiri kasanduka pepala limodzi lolimba, lopinda pakati. Mkati mwake maina aja basi, kuyambira Sindinadye mpaka Ndangoperekeza. Wosindikiza wandifunsa ngati ndi mndandanda wa zakudya. Ndamuuza kuti Kabichi yekha ndiye.

Dzina la a Mbewe ndalilemba pa envulopu ndi dzanja. Pokhapo! Munthu amene anatisonkhanitsa tonsefe! Ndakhala m'galimoto kanthawi osaliza, manyazi andigwira.

Loweruka

Mpira womaliza wa a Mbewe. Ine ndavala Pepani, a Chirwa ndi Mulenga alimbirana Sindinadye mpaka yatengedwa ndi wina. Tagonja monga mwa mwambo.

Pansi pa mtengo, nyama ikupsa, ndaimirira kuti ndilankhule. Ndayamba bwino, “Bambo athu a Mbewe,” koma ndalekera pomwepo. Ndangopereka envulopu ndi manja awiri.

Avala magalasi. Awerenga mokweza dzina limodzilimodzi, timu yonse ikuyankha “Alipo!” Pofika pa Osandijambula aseka mpaka kupukuta m'maso ndi chipewa. “Mwalemba bwino, bambo a Tadala. Palibe mwamusiya.”

Alipo amene ndamusiya, ndipo ndi amene amawerengayo.

Pomaliza atolera majezi m'chikwama chabuluu. Tawaletsa, mawa ulendo. Ati, “Ndichape komaliza.” Mulenga watembenuka, akuti utsi wa nyama walowa m'maso.

Lamulungu

Apita.

Pabwalo la ndege andipatsa chikwama chabuluu. “Kuyambira lero ndi inu. Madzi ozizira, ndipo muzitembenuza musanachape.” Ndawagwira dzanja nthawi yaitali, mpaka mai a Tadala andikoka malaya.

Kunyumba ndati ndiyese kutembenuzako. Ndayamba ndi Kabichi. M'munsi, mkati mwa mpendero, pamene munthu sayang'ana, muli timaina tating'onoting'ono tolembedwa ndi inki yosafufutika. Aliyense amene anavalapo, motsatana. Wamfupi uja, wamtali uja, ine ndemwe. Ndatembenuza onse. Ngakhale Alamu Ake dzina ali nalo, ndi a Nyirenda!

Sabata yathunthu ndikusaka mbiri, kumeneko n'kuti ili m'manja mwa munthu mmodzi yekha amene ndinalumbira kuti sindimufunsa.

Sindinadye ndamusiyira kumapeto. Maina ambirimbiri, a Chirwa alimo, Mulenga alimo. Pa dzina limodzi pali kanyenyezi, pambali pake kalole kojambulidwa. Dzinalo ndi Mai a Tadala.

Ndapita nayo jezi kukhitchini kumene kunali eni dzinalo, pakamwa pali yasa.

“Inu munali kumgodi, anthu anachepa. A Chirwa tsikulo anali Kabichi, Mulenga kunalibe. Pagulu lanulo simunandiikepo.”

Chabwino. Ndalandira. Alembi ndife.

Ndabwerera pagome, ndawerenganso majezi onse kawiri, mpendero ndi mpendero. Tonse tilimo, ngakhale amene anasewera tsiku limodzi n'kuthawa. Dzina la a Mbewe mulibe paliponse. Nawonso anadzisiya.

M'thumba la chikwama ndapezamo cholembera chawo, inki idakalimo. Ndalemba dzina lawo m'majezi onse asanu ndi anayi, pamwamba pa maina athu. Pa Ndangoperekeza dzinalo lapindika pang'ono, likhala choncho.

Mawa ndege ya kumgodi. Majezi ndi oyera kale, anachapa okha dzulo. Ndawapinda monga amapindira iwo, koma sizikufanana.