Injini Imene Inapitirira Mzimu wa a Kalipinde

Amene akufuna kuseka asekeretu panopa ndisanayambe, chifukwa ndikafika pakati kukamwa kumuuma. Inu anyamata a matola, mukaona mkulu atakhala pakhonde la golosale pano pa Nathenje, nsapato zake za matayala, mumaganiza kuti anabadwa ali chomwechi, ndiye mumangoti "madala, sunthani" ngati mukulankhula ndi thumba la makala. Sitandade 2 sindinaimalize, zimenezo n'zoona, koma chimene manja awa anagwirapo palibe mwa inu adzachione ngakhale atayendetsa galimoto mpaka imvi. Ndikanama, mphenzi indipeze ndili chikhalire. Mukumva?

Kunali matipate atangolowa kumene, ife alimi wamba titaloledwa kulima fodya uja kale ankalima a maesiteti okha. Ine ndinali mkamwini ku Mitundu, kwawo kwa mkazi wanga Nabanda, ndipo amene sanakhalepo pa chikamwini asandiuze za mavuto. Munda ukulima ndiwe koma ndi wa mkazi, nyumba wamanga ndiwe koma ndi ya mkazi, ana wabereka ndiwe koma ndi a malume awo. Mwini mbumba anali a Kalipinde, malume ake a Nabanda, munthu wouma ngati chitsa, amene zaka zonse ndinakhala pamudzipo sananditchulepo dzina. Ankangoti "akamwini," monga mmene umaitanira galu wa eni.

Kuseri kwa chigafa changa cha fodya kunali chigoba cha galimoto. Mzungu wa pa esiteti imene ndinkayendetsa thirakitala anandisiyira pochoka zinthu zitasintha: kagalimoto kampikisano, kofiira, ka mipando iwiri, kopanda denga, kotsika mwakuti ukakhalamo umatha kuzula bowa osatuluka. Injini yake inali itafa kalekale. Nkhuku za Nabanda zinkaikiramo mazira, ndipo mudzi wonse unkangokatchula kuti khola la akamwini.

Chaka chimenecho fodya anandiyanja. Nabanda anali atawerengera malata, pakuti denga lathu linkadontha mwakuti mvula ikamagwa tinkatuluka panja kukausa. Ndinamanga ngolo kubwera kuno ku Nathenje ndi mtima wa malata, Mulungu ndi mboni. Koma m'sitolo ya Che Saidi, Msilamu amene ankagulitsa zitsulo za magalimoto akale zochokera kutsidya kwa nyanja, ndinaona chinthu chili pakhomo, chofunditsidwa chiguduli, chachifupi, chonenepa ngati mtsuko wa mowa.

"Che Saidi, nanga ichi?"

"Achimwene, limenelo ndi tsoka langa. Chinabwera pamodzi ndi katundu wina. Akuti ndi injini, koma aliyense akasuzumira akuti mapisitoni anabedwa. Ine ndimangotchingira chitseko mphepo ikamawomba."

Ndinagwada, ndinamasula pulagi, ndinasuzumira pabowo. Anthuni, mapisitoni sanabedwe ayi, chinthucho chinabadwa chopanda pisitoni! M'kati mwake munali chitsulo cha ngodya zitatu ngati samusa, chimene sichikwera n'kutsika ngati munsi mu mtondo monga amachitira mainjini anuwa, koma chimangozungulira, kuzungulira, kamvuluvulu wotsekeredwa mu mphika. Tsono injini yogwirapo kale ntchito imagulidwa ngati ng'ombe pamsika: usamvere mwini wake, mvera mpweya wake. Ndinaika chikhatho pabowo, Che Saidi n'kupukusa ndi sipanala, ndipo chinandipumira m'dzanja, pfu, pfu, pfu, mofanana bwinobwino, ngati khanda limene lakhuta bere. Ndinadziwa kuti ndagwira chinthu chamoyo.

Tinachimangirira ku mtengo wa mango ndi tcheni cha ngolo, tinabwereka batire, tinachipatsa petulo wosakaniza ndi oyilo, pakuti chimenechi chimamwa oyilo dala ngati mmene inu mumathirira mkaka mu tiyi. Chitadzuka sichinagunde gu-gu-gu ngati chigayo, chinayamba ngati njuchi imodzi mu botolo, kenako ngati njuchi zonse za ku Dzalanyama zitakwiya tsiku limodzi, kenako mawu anakwera, anakwera, anakwera mpaka makutu a anthu analeka kumva n'kutsala agalu okha akulira kuyambira pano mpaka ku Nkhoma, mango aawisi anapsa n'kuyoyoka, misomali inatuluka yokha m'denga la sitolo, ndipo mayi wina amene ankadutsa ndi dengu la chimanga pamutu anangoona ufa ukumutsikira kumaso, n'kubwerera kwawo osafika ku chigayo. Mukumva? Che Saidi anagwira chisoti chake ndi manja awiri n'kuyamba kupemphera. Ine misozi inangotsika. Ndinakhuthula ndalama zonse za malata, ndinawonjezera ng'ombe imodzi, ndipo pobwerera ku Mitundu goli ndinakoka ndine mbali iyi, ng'ombe yotsalayo mbali inayo.

Nabanda ananditchingamira pabwalo. "APhiri, malata ali kuti?"

"Ali m'chigudulimo."

Anavundukula, anayang'ana, anavindikira, n'kulunjika kwa malume ake. A Kalipinde anabwera akutsimphina ndi ndodo yawo, anagogoda injini yanga ngati akuyesa dzungu, ndipo anati, "Akamwini, ife tinabwereka tambala, sitinabwereke wamisala. Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, mupinde mphasa yanu mubwerere kwanu ku Nathenje. Ana ndi athu."

Dzinja lonse ndinali pansi pa chigoba chija. Injiniyo inali yaing'ono mwakuti pamalo pa yakale panatsala pogona mbuzi, ndiye zoigwirizira ndinasula ku pulawo yothyoka, paipi ya utsi ndinadula ku mjigo wakufa, mabawuti ndinachita kutola mmodzimmodzi m'misika. Alamu anga ankadutsa akuseka. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawerama kundipatsira sipanala, koma lero mukawafunsa akuuzani kuti ankandithandiza.

Chimanga chili chachiwisi, uthenga unafika kuti a Kalipinde amwalira kuno ku Nathenje, kwa mkazi wawo wamng'ono. Mwambo mukuudziwa, munthu amakagona kwa amake, choncho adzukulu analawirira m'mamawa kukakumba manda ku Mitundu. Dzuwa litapendeka, lole imene inanyamuka kukatenga maliro inabwerera yopanda kanthu: mtsinje wadzaza, mlatho wapita, thupi likadali kutsidya. Kulira kunaleka. Manda okumba sagona opanda kanthu, akagona amadziitanira wina wa m'banjamo, ndipo ndinaona mayi aliyense akukokera mwana wake pafupi, Nabandanso chimodzimodzi. Pamenepo alamu anga, omwe aja oseka, anabwera zipewa zili m'manja.

"APhiri," anatero wamkulu wawo, ndipo dzina langa linamutuluka movutikira ngati munga, "mukatibweretsera malume dzuwa lisanalowe, nkhani yochoka ija yatha. Mukhala, ndi ana anu."

Ndinapirikitsa nkhuku, ndinakhala pampando, ndinaliza. Giya yoyamba, Mitundu inasowa. Yachiwiri, phiri la Bunda linandidutsa ngati chulu, chithunzithunzi changa chinalephera kunditsatira n'kutsala chili chiimire pamsewu, moto wotuluka ku paipi unawotcha chimanga m'minda mbali zonse ziwiri mwakuti anthu anadya chowotcha chili pa phesi sabata yathunthu, ndipo pamtsinje paja matayala sananyowe, madzi anadzazindikira mochedwa kuti awolokedwa n'kuyamba kuthovoka ndi manyazi ine nditapita kale. Ndinafika kuno, ndinatsika, ndinagwada, ndinapepesa anamfedwa onse mmodzimmodzi, kenako m'pamene mkokomo wa injini unafika kuchokera ku Mitundu n'kugwetsa mabenchi.

Bokosi silinakwane m'kagalimotoko. Tinawatulutsa a Kalipinde, tinawakhazika pampando wa pambali panga atavala jekete lawo, chibwano chomangidwa ndi kansalu monga timachitira kuti kukamwa kusayasame, ndipo ndinawakulunga ndi linya m'chiuno kuti asauluke. Mkazi wawo wamng'ono anafuna kukwera nawo, ndinamuuza kuti malo ndi a anthu awiri, wamoyo mmodzi.

Dzuwa linali litakhala pamwamba pa mitengo. Ndinaponda mpaka phazi linagunda pansi, singano ya liwiro inazungulira n'kuthyoka, ndipo apa tsono tcherani khutu, chifukwa mpaka lero ndikamanena thupi limandizizira. Injini inakwera mawu mpaka inafika pamene palibenso mawu. Kunja konse kunati zii. Mitengo inasungunuka n'kukhala nsalu imodzi yobiriwira, mvula imene inkagwa inaima m'malere, madontho ali lendelende ngati mikanda, mbalame ili chitambasulire mapiko osasuntha, dzuwa limene linkalowa linabwerera m'mwamba pang'ono ngati laiwala kanthu, ndipo patsogolo panga, pakati pa msewu, ndinaona munthu wooneka ngati utsi, akuyenda wapansi molunjika ku Dzalanyama kumene akuluakulu amati mizimu imalowera. Kutsimphina kwake ndinakudziwa. Unali mzimu wa a Kalipinde, unanyamuka dzulo lake, ndipo ndi mwendo wovutawo unali usanafike n'komwe pakati pa ulendo. Ndinaliza hutala, koma mawu a hutala anali kumbuyo kwathu. Nthawi yomweyo mphepo inadula kansalu ka chibwano, kukamwa kunayasama, tinauwomba mzimuwo, ndipo unalowa mwini wake kukhosi ngati ntchentche. Mukumva?

Maliro anatsokomola. Anayetsemula. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"Akamwini, mukufuna kundipha?"

Titafika kumanda, a Kalipinde anadzimasula okha linya n'kutsika. Amayi anataya zitenje, oimba nyimbo analowa m'chimanga, mlamu wanga wamkulu anakwera mtengo umene ulibe nthambi. Ine ndinaima pambali pa galimoto chifuwa chili patsogolo, kudikira kuti mudzi undinyamule pamapewa. Ndani anaukitsapo wakufa ndi petulo? Koma a Kalipinde anayang'ana cha kumudzi n'kuona chikopa cha ng'ombe yawo chitayanikidwa, nkhokwe yawo itapasulidwa kudyetsa olira, njinga yawo ili kale m'manja mwa mphwawo. Nkhope inada.

Mkulu wa adzukulu anayandikira. "Pepani wawa, takondwa mwabwera. Koma dzenjeli lilandire kanthu dzuwa lisanalowe. Tidule thunthu la nthochi?"

"Nthochi yalakwanji?" anatero a Kalipinde, ndodo italoza galimoto yanga. "Chimene chalanda manda nyama yake ndicho chilowemo."

Anamasula injini ndi masipanala anga omwe, ine atandigwira amuna anayi. Inakana kuzima. Anachotsa batire, ikulirabe, anadula paipi ya petulo, ikulirabe, anaitsitsa ndi zingwe zimene anakonzera bokosi ikuzungulirabe, ndipo dothi loyamba limene anaponya linabwerera m'mwamba n'kukagwa ku Malingunde. Anachita kuipsinja ndi miyala. Nditawakumbutsa alamu anga lonjezo lawo, wamkulu uja, atatsika mumtengo, anandiyankha osandiyang'ana.

"Tinalonjeza mwini mbumba atafa, akamwini. Mwamudzutsa nokha. Mawu ake adzuka naye."

Chimanga chitalowa m'nkhokwe ndinapinda mphasa. Nabanda anandiperekeza mpaka pamphambano n'kubwerera. Ana anga anakula akuloza a Kalipinde kuti ndiwo anawalera, ndipo akandipeza pano pamsika amandipatsa moni wa mlendo.

Injini ija ikuzungulirabe pansi pa nthaka ya Mitundu. Pamtumbira pake sipamera udzu, m'nyengo yozizira pamafuka nthunzi, ndipo mbatata za m'minda yoyandikana zimakumbidwa zili zophikaphika. A Kalipinde nawo alipo mpaka lero, mano onse anatha, anzawo onse anapita, koma iwo sakufa, chifukwa mzimu wawo ukuopa kutulukanso pamsewu. Amakhala pakhonde la nyumba imene ndinamanga ine. Koma tsiku lidzakwana, ndipo alamu anga adzabweranso zipewa zili m'manja. Sindidzakana ayi. Ndidzawanyamula a Kalipinde ndi manja anga omwe, pa wilibala, ndikupuma pa mthunzi uliwonse, ndipo mzimuwo ukadzatsimphina patsogolo panga ndidzaima n'kuupatsa njira mpaka ukafike.