Bondo la Amalume ndi Hamala Yanga

Nkhaniyi ndifotokoze ndekha, chifukwa anthu a ku Milepa akaigwira amathira mchere wambiri.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5 (tinasemphana mawu ndi aphunzitsi, tisalowe m'menemo), n'kuyamba kukonza njinga pakhomo pa amalume anga. Iwowa mwendo umodzi anausiya ku migodi ya ku Joni, ndiye ankayendera wochita kupanga, wa bondo lopindika bwinobwino. Kutatsala masiku atatu kuti mwana wawo Esinati akwatiwe, bondo lija linauma gwa. Chonsecho mkuluyo anali atalumbira kuti m'tchalitchi sakalowa ndi ndodo.

"Ndawalembera kalata amene anaupanga," anatero amalume. "Iwe usaukhudze."

Atangolowa m'nyumba kukapuma, ndinaukhudza. Ndinathira oyilo, osatheka. Sipanala, osatheka. Basi ndinatenga hamala, poti kwa ine chitsulo chamwano mankhwala ake ndi omwewo.

Ndili mkati mokhoma, panafika bambo wina pa njinga yakutha, kumapazi nkhwaira.

"Pepani achimwene, m'menemo muli kasipuling'i. Mukamenyanso kachoka."

"Achikulire, ngati tayala laphwa khalani apo mudikire. Zitsulo si nandolo."

"Kodi vuto lake mwaliona?"

"Vuto ndi amene anapanga. Mbuzi yophunzira. Amangokhala mu ofesi, fumbi la kuno sanalionepo."

Ndinamenyanso. Kasipuling'i kanauluka n'kukagwera pa udzu. Nthawi yomweyo amalume anatulukira pa ndodo, n'kuvula chipewa.

"A Pulofesa, mwafika kale?"

Mbuzi ija inali imeneyi. Mwana wa ku Nchema konkuno, amene anaphunzira za makina kunja zaka zambirimbiri, kenaka n'kutembenukira ku zipangizo zothandiza odwala, ndipo tsopano ankaphunzitsa mainjiniya ku yunivesite. (Nanga pulofesa n'kuvala nkhwaira? Mlandu wina ndi wawo.)

Amalume anandiyang'ana. "Loweruka undibereka iweyo mpaka kuguwa."

Tinakwawa pa udzupo, ine ndi a Pulofesa, nkhuku zikutithandiza. Osakapeza. Kenaka anandifunsa ngati ndingathe kupinda sipoko ya njinga. Apo ndiye panali pakwathu. Ndinaizunguliza pa msomali, iwo akuwerenga mizere, mpaka inasanduka kasipuling'i, ndipo titamanga ndinakulunga bondolo ndi chidutswa cha chubu kuti fumbi lisalowe.

Loweruka amalume analowa m'tchalitchi ndi miyendo iwiri. Bondo linkalira kwii, kwii mpaka akwaya kusokonezeka, koma ndodo inatsala kunyumba.

Pochoka, a Pulofesa anatenga kachitsulo kena ka bondolo kamene ndinakaphwanya ndi hamala. "Za fumbi zija munanena zoona, achimwene. Za mbuzi tikambirana tsiku lina."

Ndikumva kuti chaka ndi chaka amakaonetsa kwa ophunzira awo, n'kumati popanga chinthu azikumbukira kuti ku Milepa kuli munthu wa hamala.

Hamalayo ndikadali nayo, ndipo kulalata sindinasiye. Kungoti masiku ano ndisanatukwane munthu ndimayamba ndamufunsa kumene amagwira ntchito.