Bondo Limene Silinkapweteka

Mpaka lero ndikamadutsa pamjigo kwathu kuno kwa Zingalume, amayi amayamba kutsimphina dala n'kumaseka. Ndimangopitirira, ndinaziputa ndekha.

Chimwalirireni mkazi wanga ndimakhala ndekha. Ndimaphika, ndimachapa, ngakhale batani ndimasoka (mokhota, koma limagwira). Anthu amangoti, "Aja ndi olimba," ndiye palibe amene amabwera kudzandiona. Tsiku limatha ndalankhula ndi nkhuku zokha.

Ndiye a Banda, anzanga oyandikana nawo nyumba, omwenso akazi awo anatisiya, anagwa panjinga n'kubinya mwendo. Abale inu, mukanaona! Amayi akumpingo tsiku ndi tsiku: wina nkhuni, wina chiponde, wina tsache, kenako nyimbo. Eniake ali gone pamphasa, mano onse pamtunda. Ine ndili kuseri kwa nkhokwe, kusuzumira, mtima ukuwawa. Munthu wosadziwa n'kukazinga dzira komwe!

Lamlungu ndinalowa m'tchalitchi ndi ndodo.

"Mwatani, atate?" anafunsa a Naphiri, mtsogoleri wa amayiwo.

"Bondo, mayi. Koma musavutike," ndinatero ndi mawu a munthu wofa mawa.

Lolemba anabwera amayi asanu. Ndinadya futali, pabwalo panasesedwa, anandiimbira nyimbo zitatu. Nditaponya diso kwa a Banda, kunali zii. Ndinakondwa (Mulungu andikhululukire).

Lachiwiri ndinawonjezapo kubuula, ndipo apo ndi pomwe ndinaonjeza mchere. A Naphiri anaimbira foni mwana wanga wamkazi wa ku Chipata. Lachitatu m'mawa ndinangoona ngolo yaima pakhomo, amayi akulongedzamo matiresi ndi chikwama cha zovala zanga.

"Mwana wanu akuti tikufikitseni kukiliniki kuboma," anatero a Naphiri. "Akakupimani, mukakwera minibasi. Simungakhalenso nokha, muzikakhala kutauni."

"Nanga mbuzi zanga?"

"Asunga a Banda."

A Banda! Amayi aja anangondinyamula n'kundigoneka m'ngolo. Ng'ombe zinanyamuka, amayi akuimba pambuyo. Ndinaona denga langa likubisika, ndi mtengo wa mango umene anadzala mkazi wanga. Kutauni ndikatani ine, kukhala pampando kudikira kupatsidwa madzi osamba?

Titafika padambo ndinalumpha. Ndinaliyatsa liwiro kubwerera kumudzi, ndodo yatsala m'ngolo. Nyimbo inadukira pakati.

"Atate, nanga bondo lija?" anakuwa a Naphiri.

"Mapemphero anu ayankhidwa!" ndinayankha osacheuka.

Palibe anakhulupirira. Mwana wanga anandikalipira pafoni mpaka khutu linatentha, ndipo amayi aja sanapondenso pakhomo panga. Amene amabwera masana aliwonse ndi a Banda, kudzandiseka ndi kunditherera mtedza. Ndimawayalira mphasa ndithu, nanga ndicheza ndi ndani?

Koma dzulo anabwera atavala juzi yatsopano. Akuti awalukira a Naphiri poti amakhosomola. Chichokereni iwo, inenso ndikumva kachifuwa kakundikanda pang'ono.