Belu la Apongozi

Anzanga, foni imanamiza. Ndinaonera timakanema titatu tokha ta anthu omata nikelo pachitsulo, basi ndinadziona injiniya. Nikelo ndi chija chimanyezimiritsa zitsulo za njinga yatsopano. Akuti n'zosavuta: mankhwala obiriwira m'botolo, kachitsulo ka nikelo ku waya wofiira, chimene ukumata ku waya wakuda, batire, kwatha. Zonsezo ananditumizira mlamu wanga wa ku Lusaka.

Ndiye m'malo moyesera pa msomali ngati munthu wamutu, ndinapempha belu la njinga ya apongozi anga aamuna a ku Zemba. Belu limenelo analigula asanakwatire, ndipo Zemba yense amadziwa kulira kwake. "Loweruka kumsika anthu akatsinzina ndi kuwala," ndinawalonjeza choncho, ine mkamwini wanzeru.

Ndinalipala dzimbiri, kulitsuka ndi sopo, kulitsukuluza. Lamulo lake ndi limodzi: ukatsuka usalikhudze, chifukwa mafuta a m'zala amakaniza nikelo kugwira. Nthawi yomweyo apongozi anatulukira, akukukuta mtedza wokazinga. "Tatipatsani tione, bambo a Chisomo." Tsono inu, ndani anauzapo apongozi ake kuti manja awo ali ndi mafuta? Ndinagwada n'kuwapatsa ndi manja awiri. Analitembenuza bwinobwino mbali zonse n'kundibwezera, ine n'kulandiranso ndi manja awiri. Kulitsukanso iwo akuona? Kumeneko n'kutukwana. Ndinangoliviika.

Linatuluka lowala ndithu, koma lili ndi zidindo za zala zathu tonse awiri, ndipo nditapukuta, nikelo anasendeka ngati khungu la anyezi. "Akamatero ndiye kuti wayamba kugwira," ndinanama. Mumtima ndinati vuto ndi moto wochepa, n'kulumikiza batire lalikulu la sola. Mankhwala anachita thovu, belu n'kupsa m'mbali, bii! Apo mantha anandigwira zenizeni. Ndinapalanso thukuta lili kamukamu, kulumikizanso mwachangu, n'kuwatenga apongozi kukaona mbuzi kuti asaone zimene zikuchitika. Tinachedwako, poti mbuzi iliyonse inali ndi mbiri yake.

Pobwerako, mayo ine! Mawaya ndinali nditawasemphanitsa. Nthawi yonseyo belu ndilo linkasungunuka, n'kumakamata kachitsulo kanga kaja. Linatsala lopyapyala, mabowo ngati sefa. Apongozi atalibwezera pa njinga n'kuliyesa, linangoti "phwa".

Kenako anati, "Mwagwira ntchito, bambo a Chisomo. Dzimbiri lachokadi. Latenga ndi belu lomwe."

Loweruka anapita kumsika akufuula ndi pakamwa, "Njinga! Njinga!" ndipo aliyense wofunsa za belu ankamuuza kuti lili kwa ainjiniya. Mpaka lero dzina langa ku Zemba ndi limenelo. Mkazi wanga wabisa masupuni onse, koma asavutike, ndasiya. Chinthu cha apongozi chikachita dzimbiri, ine ndizingogwada n'kuyamikira dzimbirilo.