Tsiku Limene Ndinatsuka Makobidi

Buku limene linandipweteketsa ndinaligula m'mbali mwa msewu, lopanda chikuto, pakati patathothoka masamba awiri. Ndinaona ndithu kuti masambawo palibe, koma ndinati nanga masamba awiri okha angandilakwire chiyani.

Linali lonena za makobidi akale. Nthawiyo n'kuti ndalama zitangosintha kukhala madola ndi masenti, nkhondo ikumveka patali kumidzi, ine ndili ku Sozibele, ndikugwira ntchito kumafakitale a ku Willowvale n'kumagona kukomboni ya Kambuzuma. Anthu ankangotaya mapeni amkuwa aja obooka pakati. Ine ndinayamba kutola. Ndinaphunzira kusiyanitsa a njovu ziwiri, a nthawi ya Chitaganya, ndi akale ndithu okhala ndi duwa lovala chisoti chachifumu. Osafufutika ndinkawaika m'chitini cha polishi, ofufutikako m'china, otheratu m'sokosi (ya mayi a Esita, akazi anga, amene mpaka lero amaikumbutsa).

Aneba anga, Bambo Zuze a ku Tete, ankandinena kuti ndine banki yopanda ndalama. Zinkandiwawa. Zaka zitatu zathunthu ndinkafuna munthu mmodzi yekha wodziwa zinthu anene kuti sindine wamisala.

Mwayi unapezeka. Ndinamva za mmwenye wina wokalamba m'tauni ya Sozibele amene ankadziwa makobidi, ndipo anavomera kuti ndikamuonetse Loweruka. Lachisanu nditaweruka ndinatsegula chitini cha abwino aja, n'kuchita manyazi. Onse anali bii, ngati kunsi kwa ketulo. Munthu angapite kwa akuluakulu ndi zinthu zakuda chonchi? Ndinapempha mandimu awiri ndi phulusa, n'kukhala pakhonde. Ndinakwecha. Amene ankakanika ndinawathandiza ndi mchenga. Bambo Zuze anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati mapoto awo ndingawalandirenso.

M'mawa apolisi anaimitsa basi yathu n'kumasecha zikwama. Wina anatsegula chitini changa, natsinzina ndi kuwala kwake, nandifunsa ngati ndili bwinobwino. Ndinayankha monyada kuti ndine katswiri.

Nditafika kwa mmwenye uja, mkuluyo anavala magalasi, natenga khobidi limodzi, nalitembenuza. Anatenga lachiwiri. Kenako anavula magalasi aja n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, bwana. Ndi mandimu."

Anandifotokozera mofatsa, ngati mmene amauzira munthu za maliro, kuti kuda kuja ndiye ulemerero wa khobidi, kuti kumatenga zaka zambiri kuti kubwere, ndipo sikubwereranso. Anandionetsa njovu yanga imene ndinkainyadira kwambiri: mchenga unali utaichotsa khutu. Anatinso buku lililonse la makobidi limaletsa kutsuka, ndipo anatsegula lake kuti ndione. Ndinazindikira zithunzi zake. Linali buku langa lomwe lija, koma lokhala ndi masamba onse.

Chokhacho chimene anayamikira ndi sokosi, imene ndinangoitenga kuti katundu aoneke wambiri. Anati amenewo ndiye ndinawasunga bwino, chifukwa sindinawakhudze.

Nditafika kunyumba ndinapeza Bambo Zuze ali padenga la khitchini yawo, akukhoma malata. Ndinawauza zonse, poti akanamvabe kwa mayi a Esita. Sanaseke. Anatsika, natenga khobidi limodzi, nalowetsa msomali pabowo paja. Unakwana ndendende.

"Bambo a Esita," anatero, "mawashala a misomali ya malata akusowa m'masitolo masiku ano. Ndipatseni chitini chonsecho. Kambuzuma yense adziwa kuti ndinu katswiri, dzuwa likamawomba padenga langa."