A Modester ndi Atimba a ku Nsamala

Kuno ku Balaka ukangoti "mwana wa imvi", aliyense amadziwa kuti ukunena malemu a Modester. Mayi amenewo analowa m'gulu loimba la ana, lija timati Atimba a ku Nsamala, mano akutsogolo asanamere bwino, n'kudzatulukamo ali ndi mkamwini. Anzawo ankakula, mawu n'kusintha, n'kusamukira kukwaya ya akuluakulu. Iwo msinkhu unaima ali sitandade faifi, mawu nawo anaima pomwepo, ndiye anati palibe chowachotsa.

Gululi analiyambitsa sisitere wina wa kuparishi. Anachoka, kunabwera wina, nayenso anachoka, a Modester ali pamzere woyamba pompo, diresi yabuluu yolekeza m'maondo, sokosi zoyera, kumutu mpala ngati anzawo. Ana anga atatu anaimba nawo onse. Wamkuluyo pano ali ndi ndevu, amapalasa kabaza.

Manyazi ankatigwira ndi ife, azimayi anzawo. Tsiku lina paukwati ku Ulongwe, bambo wina wachilendo anawanyamula m'khwapa kuwakweza mulole, n'kuwapatsa switi.

"Uli sitandade chani iwe?"

A Modester analandira ndi manja awiri. "Ndinayamba ndapuma kaye, bambo."

Ife nkhope m'zitenje! Titafika ndinawakokera pambali. "Asisi, mwana wanu akwatiwa lero ndi mawa. Bwerani kukwaya yathu ya amayi."

"Iyayi, kumeneko mumaimba ngati mwasenza thumba la chimanga. Mukufuna ndikalambe?"

Koma ana ankawakonda, abale inu. Chimene a Modester achita, onse chomwecho. Tsiku lina mavu anawaluma pakhosi nyimbo ili mkati, iwo n'kudzimenya mbama n'kudumpha. Ana onse mbama, onse m'mwamba, anthu n'kuomba m'manja kuti kwabwera sitepe yatsopano.

Zinavuta Luckness, mwana wawo mmodzi yekhayo, atakwatiwa ndi a Jimu, aphunzitsi a ku Liwonde. Mukudziwa nokha mwambo wathu: mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso ndi maso. Mukakumana panjira, wina amapatuka. A Modester mwambowu ankausunga koopsa, moti tsiku lina anakhala m'mawa wonse kuseri kwa matumba a makala mumsika, kudikira kuti akamwini amalize kumetetsa.

Luckness anawagwadira. "Amayi, abale a amuna anga akadzakuonani ndi kadiresi aka, banja langa latha."

"Usadandaule mwanawe. Dera la Liwonde sindidzaimbako."

Pasanathe miyezi ingapo kunabwera mpikisano wa magulu a ana a ku Machinga ndi Balaka. Malo ake? Liwonde. A Modester anali oyamba kukwera minibasi. "Akamwini Loweruka amalima kudimba," anatiuza choncho. Sankadziwa kuti mmodzi mwa oweruza wadwala, ndipo m'malo mwake aitana mphunzitsi wapafupi.

Atimba analowa m'holo akuguba. A Modester anaima pamalo pawo, anadzutsa mutu, maso dyo pa akamwini, cholembera chili m'manja. Mayi anga ine! Pompo anangoti tembenu, kufulatira oweruza. Ana onse tembenu. A Jimu nawo, poona maondo a apongozi ali pamtunda, ananyamula mpando n'kuyang'ana kukhoma.

Nyimbo inayamba, oimba afulatira, woweruza wafulatira.

"Aphunzitsi, muweruza bwanji choncho?" anafunsa woweruza mnzawo.

"Ndi makutu, bwana. Chonde musandifunse zambiri."

Kumbuyo mnyamata wina anakuwa, "Ndi apongozi akewo!" Holo yonse inagwa ndi phwete, ena mpaka kugubuduka pamabenchi. Luckness anali atakhala pakati pa azakhali a mwamuna wake, amene anabwera kudzaona mwana wawo akuweruza. Anadzuka n'kutuluka akulira. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika.

A Modester sanaleke. Anaimba mpaka kumapeto, misozi ili chuchuchu, ndipo kunena zoona sindinawamvepo akuimba bwino ngati tsiku limenelo. Potuluka anayenda cham'mbali, ana onse cham'mbali. Atimba anakhala omaliza.

Sabata yomweyo ankhoswe anakhala pansi. Azakhali a a Jimu sanazungulire: a Modester atiyalutsa pagulu, asankhe diresi kapena banja la mwana wawo. Ife azimayi anzawo tinavomereza, ine ndinavomereza mokweza kuposa onse. A Modester sanatsutse. Anachapa diresi, anaisita, n'kukaipereka kwa asisitere. "Mupatse mwana wina. Yangothina pang'ono m'chiuno."

Banja la Luckness linapulumuka. A Modester anabwera kukwaya yathu, n'kumakhala kumbuyo, milomo ikungogwedera. Tikati, "Kwezani mawu, asisi," iwo ankati, "Ndikuphunzira kukula." Tsitsi analisiya, imvi zinatuluka mbuu. Chaka chachiwiri chisanathe anadwala pang'ono chabe, basi n'kutisiya.

Tsiku la maliro, Atimba anabwera atavala zabuluu. Koma ana salowa kumanda, ndiye anawaimitsa pamsewu. Anthu amene mayiwo anaimba nawo moyo wawo wonse anatsala pamenepo atagwirana manja, ife a mawu olemera aja ndi amene tinawaperekeza.

Pobwerera, a Jimu anandipeza ndikusamba m'manja. Anali atanyamula nawo bokosi njira yonse osalola kulandiridwa.

"Amayi, ine apongozi anga sanandichititsepo manyazi," anatero. "Tsiku lija ndinawapatsa malikisi onse. Pa nkhani yonse ija palibe amene anandifunsa."

Ndinangopitiriza kusamba m'manja, ngakhale munali mutayera kale.

Atimba alipo mpaka lero. Anaika lamulo la zaka, amaimba mwadongosolo, palibe amene amatichititsa manyazi paukwati. Komanso palibe amene amasiya malonda mumsika kuthamangira kukawaonera. Loweruka masana akamaphunzira nyimbo pansi pa mtengo wa mango kuparishi, azimayi a kwaya yathu timadzera njira yakuseri, ngakhale kuti ndi yotalika.