Waya Wakuda wa a Monikaye

A Monikaye sankayeza bodi yamagetsi asanaipatse moni, ndipo dzinali linachokera pomwepo. Moni wakewo sunali wapakamwa. Unali waya wakuda, uja umayenera kugwira bodi poyamba kuti chida choyezera chimvane nayo. Ankaulumikiza mwaulemu ngati akulonjera apongozi, n'kudikira pang'ono, kenako n'kuyamba kufufuza matenda.

Tinkapanga timabodi toyendetsa makina oswetsa mazira, m'kachipinda konunkha utsi wa zowotcherera. Chida chawo choyezera a Monikaye anachipanga okha m'chitini cha mabisiketi. Chinkayeza mphamvu ya magetsi, kulowetsa pulogalamu m'bodi, kumvetsera zomwe tizipangizo tikunong'onezana, ndipo chikagwirizana ndi bodi chinkalira ngati mwanapiye. Ankachitcha Mlamu, ati chifukwa chimalowerera nkhani iliyonse ndipo sichisunga chinsinsi.

Ine ankanditcha Waphuma, ndipo sindikana. Koma phuma lenileni linali la abwana. Tsiku lina anabwera ndi chida chogula, chonyezimira, cha mabatani osawerengeka. Atachilumikiza, manambala anangoyamba kuvina pa sikirini, iwo n'kugamula kuti bodiyo yafa.

"Bwana, mwaipatsa moni?" anafunsa a Monikaye.

"Ndine injiniya ine. Sindilonjera mawaya."

"N'chifukwa chake ikukuyankhani mwamwano."

A Monikaye anatola waya wakuda umene unali lende, n'kuugwiritsa. Manambala anakhala phee. Abwana anatuluka kukayankha foni yomwe tonse sitinaimve ikulira.

Ngakhale atagonekedwa m'chipatala, a Monikaye sanasinthe. Akazi awo amati namwino akuwamata timawaya pachifuwa, mkuluyo anadzutsa mutu n'kufunsa kuti wakuda uli kuti. M'chipatalamo sanatulukemo wamoyo.

Patatha milungu iwiri chiwaikireni m'manda, kunabwera mayi wina woweta nkhuku, bodi ataikulunga m'nsalu. Makina ake anali atazima muli mazira mazana atatu, otsala masiku anayi kuswa. Anawafunditsa mabulangete, koma anati likapendeka dzuwa ndiye kuti basi, onse asukuluka. Anakhala pabenchi n'kumandiyang'ana.

Chida cha abwana chinali chitapita kokonzetsa, choncho ndinatsitsa Mlamu pa shelefu. Ndinalumikiza waya wofiira, wachikasu, wobiriwira. Mlamu anali zii. Ndinayesa kachiwiri, kachitatu, osalira. Mumtima ndinati chitinichi chatsatira mwini wake, ndipo chisoni chimene ndinachimeza pamaliro chinandibwerera.

Ndinatsegula chitinicho kuti ndione batire. M'kati mwa chivundikiro munali kapepala komata, kolembedwa ndi dzanja lawo lopendama lija: "Waphuma, wapereka moni?"

Waya wakuda unali lende m'mphepete mwa tebulo. Ndinaseka misozi ikutsika, mpaka mayi uja anafunsa ngati ndili bwino. Ndinaugwiritsa, n'kudikira pang'ono monga ankachitira iwo. Mlamu analira, n'kuulula kuti magetsi akuthera pa kamwendo kamodzi ka kachipangizo komwe kanamasuka. Kuwotcherera kwake sikunatenge ndi mphindi zisanu zomwe. Mazira aja anaswa, kupatula khumi ndi limodzi.

Masiku ano kachipinda kaja kamaoneka kakakulu. Mpando wa a Monikaye tinauika pakona, ndipo palibe amaukhalira. Ntchito ikuyenda, koma ndimawasowa kwambiri. Dzulo ndinapeza abwana ataweramira bodi, waya wakuda uli m'manja, akunong'ona kuti, "Mwadzuka bwanji?" Atandiona sanathamangire foni, ndipo inenso sindinaseke.